Dzina la Bronte: Midzi Inai ndi Banja Limodzi

Madzulo ano tikambe za dzina limodzi limene linayenda ulendo wautali kupambana eni ace, ndilo dzina la Bronte.

Kwao kwa dzinali ndi ku Sicily, cisumbu ca dziko la Italy. Kumeneko kuli mudzi wa Bronte, m'tsinde mwa phiri la moto la Etna, ndipo m'cinenero ca Agriki mauwa atanthauza bingu. M'caka ca 1799 Mfumu Ferdinand ya ku Naples inapatsa Horatio Nelson, mkulu wa zombo za nkhondo za Angerezi, dziko la kumeneko pamodzi ndi ulemu wa Duke of Bronte, cifukwa anaithandiza pa nkhondo. Nelson anafa m'caka ca 1805 asanapondeko phazi, koma dzinalo linamveka ponseponse popeza iye ankalilemba pa makalata ace.

Masiku omwewo ku Ireland kunali mnyamata, mwana wa mlimi wosauka, dzina lace Patrick Brunty, wobadwa m'caka ca 1777. Iye analimbika pa maphunziro kufikira analowa sukulu yaikuru ya ku Cambridge m'caka ca 1802, ndipo kumeneko anayamba kusintha kalembedwe ka dzina lace, mpaka linakhala Brontë. Ambiri akhulupirira kuti anatero polemekeza Nelson. Ife a m'tauni sitidabwa naco cimeneci, pakuti tidziwa anthu amene anasiya dzina la kumudzi pa khomo la nchito natenga lina.

Patrick anakhala mbusa wa mpingo, ndipo m'caka ca 1820 anasamukira ku Haworth, m'dziko la Yorkshire. Ana ace akazi atatu, Charlotte, Emily ndi Anne, ndiwo anakuza dzinali. M'caka cimodzi, ca 1847, anaturutsa mabuku atatu: Jane Eyre, Wuthering Heights ndi Agnes Grey. Cozizwitsa ndi ici: dzina limene atate ao analikonza, iwo analibisa. Anadzicha Currer, Ellis ndi Acton Bell, poopa kuti anthu adzapeputsa mabukuwo akadziwa kuti olemba ace ndi akazi.

Banjali silinakhalitse. Emily anamwalira m'caka ca 1848, Anne 1849, Charlotte 1855. Nkhalamba Patrick inaika m'manda mkazi ndi kulira ana ace onse asanu ndi mmodzi, ndipo inatsikira kuli cete m'caka ca 1861 yopanda mdzukulu.

Koma akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ku Canada, m'mbali mwa nyanja ya Ontario, kuli Bronte wochedwa cifukwa ca Nelson. Ku Sydney, m'dziko la Australia, kuli Bronte wina wa pa gombe, nayenso wa Nelson. Koma Bronte wa ku Texas, ku America, anamucha pokumbukira Charlotte, mwana wa mbusa uja.

Taonani tsono, abale: Nelson analandira dzinali kwa mfumu, Patrick anadzisankhira yekha, koma ana akazi aja, amene analibe dziko kapena cuma, analipatsa moyo ndi nchito ya manja ao. Lero munthu akamva Brontë, ayamba waganiza za mabuku. Inu amene muli ndi ana akazi pa sukulu, lingalirani zimenezi musanawaturutsemo.