Njamba Ndi Yathu Tonse

Achinyamata anzathu a ku Chitawira, Naperi, Zingwangwa ndi Ndirande!

Lero tikambe za Njamba Freedom Park. Papa John Paul II anachitira Misa pamenepa mu 1989, ndipo mpaka lero misonkhano ya ndale, mapemphero ndi zoimbaimba zimachitikira pomwepo. Ndiye aliyense wobwera ndi pulani yokonzanso pakiyi amve zimene tikufuna zilowemo.

Choyamba, mabwalo a mpira wamiyendo, wamanja ndi basketball. Chachiwiri, zimbudzi zaukhondo ndi mipopi ya madzi. Chachitatu, magetsi a sola m'tinjira tonse, kuti atsikana aziyenda madzulo opanda mantha. Chachinayi, steji ya oimba ndi azisudzo athu, makatungwe a ana, komanso mabenchi pansi pa mitengo. Mavenda a chipisi ndi chimanga chootcha apatsidwe malo awo, asamathamangitsidwe.

Koma chachikulu ndi ichi: pageti pasakhale zolipira. Paki yolipiritsa imakhala ya mabwana okha. Nanga mnyamata amene wayenda tsiku lonse kusaka ganyu akapumire kuti?

Pulani ikatuluka, tiione tonse isanasainidwe. Mutu umodzi susenza denga.

Tumizani uthengawu m'magulu anu onse. Njamba ndi yathu!