WODWALA AKAGONEKEDWA, AMPUMIRA NDANI?

Usiku wa mwezi wa June munthu wogona tulo sasowa womlonda. Cifuwa cace cikwera ndi kutsika cokha, ndipo mphepo ikalowa m'nyumba iye adzipinda nakoka bulangete, osadzuka konse. Koma tulo ta m'cipatala, tija agonetsa nato munthu pofuna kumcita opareshoni, nta mtundu wina. Mankhwala ogonetsa acotsa ululu ndithu, koma alandanso thupi nchito ziwiri zimene limacita lokha cibadwire: kupuma, ndi kusunga kutentha kwace. Nchito zimenezi zigwera dotolo wogonetsa, amene akhala kumutu kwa wodwala kufikira adzuke, ngakhale odwala ambiri samkumbuka nkhope.

Nkhani ya kupuma iyambira pa ulembe. Alenje a m'nkhalango za ku South America anali kupaka mibvi yao ulembe, dzina lace curare. Nyama yolasidwa nao siifa ndi bala ai. Minofu yace ingolefuka, kufikira ilephera kukoka mpweya. M'mwezi wa January 1942, ku Montreal m'dziko la Canada, Dotolo Harold Griffith ndi Dotolo Enid Johnson anabaya wodwala pang'ono pa mankhwala ocokera ku ulembe umenewu. Minofu ya pamimba inafewa, ndipo dotolo wong'amba anagwira nchito yace mosabvuta. Kuyambira pamenepo mankhwala olefula minofu anafala m'zipatala.

Tsono munthu wolefulidwa minofu yonse sangapume yekha. Cifukwa cace, atagona tulo, amlowetsa kapaipi kupyola pakamwa kufikira m'kholingo. Poyamba dotolo anali kufinya thumba la mphira ndi dzanja, maora onse a opareshoni. Lero makina ndiwo akankhira mpweya m'mapapo: kwa munthu wamkulu, ngati theka la lita, mwina ka 12 pa miniti. Makinawo ayesanso mpweya woipa uja wa carbon dioxide umene utuluka pa kupuma kuli konse. Muyeso umenewu ubweranso kumapeto kwa nkhani ino.

Za kutentha madotolo anacedwa kuzisamala, popeza kuzizira sikupha msanga monga kuleka kupuma. Mkati mwa thupi la munthu wamoyo bwino mukhala madigiri 37. Mankhwala ogonetsa atsegula mitsempha ya pakhungu, ndipo magazi ofunda a m'kati athamangira kumanja ndi kumiyendo. M'ora loyamba lokha kutentha kwa mkati kutsika ndi digiri imodzi, kapena imodzi ndi theka. Wodwalayo sangathe kunjenjemera kuti adzifunditse. Cipinda ncozizira, mimba iri yotseguka, madzi a m'botolo olowa mu mtsempha ngozizira. Ngakhale makina opumira aja aonjezera pang'ono, pakuti mpweya wao ngouma ndi wozizira, ndipo kapaipi kaulambalalitsa mphuno, imene nchito yace ndiyo kuufunditsa ndi kuunyowetsa. Ndico cifukwa aika kasefa pa paipi, kogwira cinyezi ca mpweya wotuluka ndi kucibwezera kwa mwini wace.

Wodwala wozizidwa magazi ace acedwa kuundana, acedwa kudzuka, ndipo bala lace litukusira msanga. M'caka ca 1996 kunafalitsidwa zimene madotolo anapeza ku Vienna pa odwala 200 ong'ambidwa matumbo. Mwa amene sanafunditsidwe mwapadera, 19 pa 100 ali onse mabala ao anatukusira. Mwa ofunditsidwa, 6 okha. Nkovuta kupeza mankhwala ena ocita zazikuru cotero pa mtengo wa cofunda. Masiku ano lamulo ndi lakuti wodwala asatsike pansi pa madigiri 36: amfunda bulangete louziridwa mpweya wofunda, afunditsa madzi a m'botolo, ndipo coyesera kutentha cikhala kum'mero nthawi yonse.

Koma liripo tsoka lina losiyana, losaoneka kawirikawiri. M'caka ca 1960 ku Melbourne, m'dziko la Australia, mnyamata wina anathyoka mwendo. Iye sanaope mwendowo koma tulo, pakuti abale ace 10 anafa pogonetsedwa. Madotolo anapewa ether, namgonetsa ndi mankhwala atsopano a halothane. Komabe thupi lace linatentha ngati moto, mtima nuthamanga. Analeka mankhwalawo msanga, namzinga ndi madzi oundana, ndipo anapulumuka. Dotolo Michael Denborough analondola mbiri ya banjalo, naonetsa kuti bvutoli ndi la kumtundu. Dzina lace ndi malignant hyperthermia: minofu ya munthu wotere ikakomana ndi mankhwala ena ogonetsa, iyamba kugwira nchito mosalekeza. Kawirikawiri cizindikiro coyamba sicioneka pa coyesera kutentha, koma pa makina opumira, pamene carbon dioxide akwera popanda cifukwa. Dotolo akaona msanga, alipo mankhwala a dantrolene oletsa motowo.

Ndico cifukwa dotolo wogonetsa, pokaona wodwala opareshoni isanacitike, afunsa kuti, "Kodi alipo mbale wanu amene anabvutika kapena kumwalira atagonetsedwa?" Ena ayesa funsoli ndi malodza, nabisa. Koma yankho likakhala lakuti inde, dotoloyo asiya mankhwala okoka ndi mpweya aja, atsuka makina ace, nagonetsa munthuyo ndi ena olowa mu mtsempha.