Mau Okumbukira Malemu Msilikari Wakale wa Keyala, Mkuru wa Mpingo ndi Membala wa Bungwe Lino



Pakati pa maina amene acotsedwa m'buku la mamembala caka cino cifukwa ca imfa, pali dzina la nkhalamba imene inaposa onse a Bungwe lino m'zaka. Komiti inaona kuti sikuyenera kuti munthu wotere apite ndi mzere umodzi wokha wa inki, ndipo inalamula kuti mbiri yao inenedwe pamaso panu ndi kulowa m'lipoti.

Masiku amenewo kubadwa kwa mwana wa kumudzi sikunali kulembedwa. Koma Malemu ankati amai ao anawauza kuti anabadwa Buku Lopatulika litangoyamba kufika m'midzi. Bukulo linasindikizidwa m'caka ca 1922. Tsono powerenga, zaka zao zinapitirira 100. Anaphunzira pang'ono pa sukulu ya mishoni ya Domasi, kufikira anadziwa kuwerenga ndi kulemba kalata, ndipo m'kalasi ya ubatizo ya komweko ndimo anatenga cikhulupiriro cimene anafa naco.

Nkhondo ya Hitler inayamba m'caka ca 1939, ndipo iri m'kati iwo anapita ku Zomba nalembedwa usilikari m'gulu laciwiri la King's African Rifles, limene anthu analicha Keyala. Sanadzitame konse kuti anapita cifukwa ca kulimba mtima. Ankanena poyera kuti mfumu inafunsidwa anyamata, msonkho unali kufunika, ndipo nsapato ndi zobvala za asilikari zinawakopa monga zikopera mnyamata ali yense. Gulu limene analowalo linali litalawa kale moto. M'mwezi wa August 1940 linalimbana ndi Ataliyana pa Tug Argan m'dziko la Somaliland, ndipo linabwerera cam'mbuyo kufikira ku doko la Berbera. Akuru otsala pa nkhondo imeneyo ndiwo anaphunzitsa anyamata atsopano kugwira mfuti.

M'caka ca 1943 anaoloka nyanja yamcere pa sitima kunka ku cisumbu ca Ceylon, cimene lero cichedwa Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Ulendo wa panyanja unali woopsya ndithu, pakuti m'mwezi wa February 1944 sitima ina yochedwa Khedive Ismail, yonyamula asilikari a mizinga a ku East Africa, inamizidwa ndi Ajapani, ndipo anthu pafupi-fupi 1,300 anafera m'madzi tsiku limodzi. Caka comweco gulu lao linalowa m'dziko la Burma pamodzi ndi 11th East African Division, natsika cigwa ca Kabaw m'nyengo ya mvula yaikuru, nthawi imene akuru a nkhondo ambiri anayesa kuti munthu sangayendemo. Miseu inasanduka matope, magalimoto anatitimira, cakudya cinali kuponyedwa ndi ndege kucokera kumwamba, ndipo malungo ndi nthenda zina anagwetsa anthu ambiri. Anafika ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, kuciyambi kwa December 1944.

Za Burma Malemu ankasimba mvula, misundu yoyamwa mwazi, mpunga umene anatopa nao, ndi njobvu zogwira nchito monga ng'ombe, zimene adzukulu sanakhulupirire kufikira anaziona m'zithunzi. Za kuombera anthu sanasimbe. Anyamata akawaumiriza, iwo ankangotembenuza nkhani, kapena kuwatuma madzi akumwa. Akuru a mpingo asunga mbiri yakuti atabwera ku nkhondo anakhala nthawi osayandikira gome la Mgonero, cinkana panalibe mlandu uli wonse pa iwo. Anadziletsa okha, poti manja ao anawaona osayenera kulandira cikho. Mbusa wa masiku amenewo anayenda kwao kawiri-kawiri, nakhala nao pakhonde, kufikira mtima wao unatsika. Kuyambira pamenepo sanasowe pa Mgonero kufikira miyendo inakana.

Anabwerera kwao nkhondo itatha, monga anabwerera ambiri m'zaka za 1945 ndi 1946, ali ndi mendulo, jasi, bulangeti ndi ndalama za kutsazika. Pa ndalama izi pali mau oyenera kunenedwa pamsonkhano ngati uno. Makalata a Boma la Britain amene anaululika m'caka ca 2019 aonetsa kuti msilikari wamba Mzungu anawerengeredwa mashiling'i 10 pa mwezi uli wonse wa usilikari wace, koma Mwafrika mashiling'i 3 ndi theka. Munthu wotumikira zaka 4 analandira tsono mapaundi 8 ndi mashiling'i 8, pamene mnzace wogona naye m'matope amodzi-modzi analandira mapaundi 24. Malemu sanasowe makalata a ku London kuti adziwe kusiyanako, pakuti anakuona ndi maso. Ankakuchula kuti nkosalungama, ndipo sanabise mau ao ngakhale pamaso pa alendo obwera kudzawajambula. Koma sanalole kuti kuwawidwa mtima kuwadyere nyumba, monga kunadyera anzao ena amene ndalama zao zinathera ku mowa miyezi iwiri isanathe. Iwo anaphatikiza ndalamazo ndi zimene anasunga pa malipiro, nagula njinga, nakwatira, nakamanga kwa mkazi wao monga mwa mwambo wa cikamwini.

Ndipo apa ndipo pali nkhani imene mudzi wao uikumbukira koposa Burma.

Mvula ya kumapeto kwa 1948 inayamba bwino, koma inaleka, ndipo cimanga cinapserera m'minda ya cigawo ca kumwera. Caka ca 1949 cinakhala ca njala imene agogo aichula kufikira lero. Anthu anadya gaga, mizu ndi zipatso za m'thengo. Boma la Bwanamkubwa Colby linagulitsa cimanga ndi kutsegula malo odyetserako ofoka, koma cakudyaco sicinafikire onse. M'njala imeneyo maukwati ambiri anatha. Mkamwini ankatsazika kuti akukafuna cakudya kwa abale ace, ndipo akafika kumene kuli nsima ankakhala komweko, ena nakwatira konko. Nyimbo za amai za pamtondo zinasunga manyazi amenewo zaka zambiri.

Malemu nao anatsazika, mkazi wao ali ndi mwana kumbuyo. Akuru a m'mudzi anayesa kuti uyunso wapita, pakuti munthu amene anaona Mombasa ndi Colombo adzakhaliranji pa mudzi wa eni wopanda cakudya? Anapalasa njinga kunka ku Liwonde, naoloka Shire padoko, pakuti mlatho kunalibe masiku amenewo, napitirira Balaka, nakwera ku mapiri a Ncheu kumene anthu anali nazo nkhokwe. Anagwira ganyu m'minda ya Angoni, nalipidwa cimanga, nabwera naco. Ulendo waciwiri anasinthanitsa jasi la usilikari. Ulendo wacitatu anasiya njinga yomwe, nabwera pansi thumba liri pamutu. Cimanga cimeneco sicinadyedwe m'nyumba mwao mokha: apongozi ao, alamu ao, ndi ana a akazi osiyidwa aja anagawana m'mbale. Alipo ena m'nyumba muno amene makolo ao anapulumuka ndi phala la thumba limenelo, ndipo iwo adzidziwa okha.

Pa kulera ana anasiyana ndi mwambo pang'ono, ndipo panali kukangana. Mwambo unati za mwana aziona ndi malume ace. Iwo anati mwana amene Mulungu anampereka m'nyumba mwao adzamlipirira sukulu iwo eni, wamkazi ndi wamwamuna cimodzi-modzi. Kumbukirani kuti sukulu ya pulaimale inayamba kukhala yaulere m'caka ca 1994. Kale lonse fizi inacokera m'munda, m'mitengo ya nthoci ndi m'nkhuku. Alamu ao anadandaula kwa ankhoswe kuti mkamwini afuna kulanda mbumba. Iwo sanayankhe mwaukali, koma sanalekenso kulipira. Sanali munthu wofewa pa zonse, iai. Ana ao acitira umboni kuti kudzuka kunali kwa m'banda kuca monga kumpanda wa asilikari, pemphero la madzulo linali lalitali ngakhale nsima iri kuzizira, ndipo mwana wobwera mocedwa anapeza citseko cotseka. Ena a iwo anadandaula nako kuumako, ndipo nkoyenera kuti kunenedwe pamodzi ndi zabwino.

Mu mpingo anakhala mkuru zaka zambiri, woyendera odwala ndi woyanjanitsa mabanja. Bwenzi lao lopambana linali Msilamu, Myao amene anali naye ku Burma. Anthu awiriwa sanayese kutembenuzana. Pa nyengo ya kusala ya Asilamu Malemu sanadye pamaso pa mnzaoyo, ndipo pa Khrisimasi nkhuku inaphedwa ndi dzanja la Msilamuyo kuti adye onse. Caka ndi caka, pa Sabata laciwiri la November, ankapita pamodzi ku nsanja ya cikumbutso ya Keyala ku Zomba atabvala mendulo zao, kufikira mmodzi anatsala yekha.

Mkazi wao atamwalira, mwambo unalola kuti asudzulidwe abwerere kwao, pakuti amati mkamwini ndi mlendo. Iwo anakonzeka, namanga katundu wao m'bokosi lacitsulo lomwe anabwera nalo ku nkhondo. Koma mwini mbumba, amene anali mmodzi wa ana odya phala la 1949, anaimirira pabwalo nakana, ndipo mudzi wonse unabvomereza. Anakhala pomwepo kufikira imfa, ndipo aikidwa m'manda a mudziwo pafupi ndi mkazi wao, cinthu cosacitika kawiri-kawiri kwa mkamwini.

Zaka zao zotsiriza anasamalidwa ndi mwana wao wamkazi, amene nayenso ndi wamasiye ndi wokalamba, ndipo denga la nyumba yace likudontha. Komiti ipempha msonkhano uno kuti ubvomereze kutenga ndalama m'thumba la cithandizo kukonzera dengalo mvula isanagwe. Ipemphanso Mafumu kuti ali yense apereke kwa Mlembi maina a akazi amasiye ndi ana olumala a asilikari akale okhala m'midzi mwao, pakuti Bungwe liribe kaundula wotere. Mendulo ndi buku lao la usilikari ziri m'bokosi lija, ndipo banja lalola kuti aphunzitsi a sukulu za m'boma lino abwere ndi ana kudzaziona, akayamba apempha kwa mwini mbumba.