Dzina la dziko siligulidwa pamsika



Funso lathu lero nali: kodi dziko limapanga bwanji mbiri yabwino? Ena akuti tiitane akatswiri otsatsa malonda, tijambule nyanja, tikakhome zikwangwani ku London. Dziko la Rwanda lidatsata njira imeneyi mu 2018 pomwe lidalipira timu ya Arsenal kuti izilemba "Visit Rwanda" pamikono ya malaya ake. Kutsatsa sikulakwa ayi. Koma ine ndikuti dzina la dziko limamangidwa ndi zochita zake, ndipo mboni yanga ndi Malawi yemweyu.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 takhala tikudzitcha "The Warm Heart of Africa", kutanthauza dziko la anthu amsangala. Mauwa si bodza. Pa nkhondo ya ku Mozambique tidasunga anthu othawa kwao oposa miliyoni imodzi, eniakefe tili osauka. Koma m'zaka zomwezo anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo mu May 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi adaphedwa ku Mwanza. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Inu omwe munali ku Lusaka, Dar es Salaam ndi Harare mukudziwa mafunso omwe ankakufunsani mukangotchula kwanu. Mu May 1992 maiko otithandiza, atakumana ku Paris, adaimitsa thandizo lachitukuko kaamba ka kuphwanya ufulu wachibadwidwe. Zithunzi za nyanja sizidawabweze mtima.

Chidawabweza mtima ndi riferendamu ya pa 14 June, 1993, pomwe anthu 63 mwa 100 alionse adasankha matipate, komanso chisankho chamtendere cha pa 17 May, 1994.

Koma mbiri sichedwa kuda. Mu 2013 kudaphulika nkhani ya Cashgate, ndalama za boma zikupezeka m'mabuti a galimoto. Maiko omwe ankathira ndalama m'bajeti yathu adaleka, ndipo yemwe adamva kuwawa ndi wodwala wosowa mankhwala. Mu November 2019 dziko la America lidalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pamadoko ake chifukwa cha malipoti oti ana akugwiritsidwa ntchito m'minda. Apa muone kuti dzina likada, mlimi wa ku Kasungu ndiye amalira.

Tsono kumbukirani 3 February, 2020. Oweruza asanu adafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, chomwe mapepala a zotsatira zake adapakidwa Tipp-Ex. Chaka chomwecho oweruzawo adalandira mphoto ya Chatham House, ndipo magazini ya The Economist idatcha Malawi dziko lopambana la 2020. Ulemu umenewu sitidaulipire ndi tambala imodzi yomwe.

Zoonetsa tili nazo. Bungwe la UNESCO lidazindikira paki ya Nyanja ya Malawi mu 1984, zojambula za m'mapanga a Chongoni mu 2006, ndi phiri la Mulanje mu 2025. Tili ndi tiyi wa ku Thyolo, khofi wa ku Mzuzu ndi mpunga wa kilombero. Koma mlendo akabwera kudzaona izi, n'kupemphedwa "ya fanta" pa rodibuloko, kwao adzakasimba za fantayo, osati za Mulanje. Wamalonda asanabweretse chuma chake amafunsa zinthu zitatu: kodi khothi lidzandimvera, magetsi adzayaka, nanga chiphaso ndidzachipeza popanda chiphuphu?

Choncho pempho langa ndi ili. Boma lisanagule zikwangwani, liyambe lateteza makhothi, atolankhani ndi bungwe la ACB kuti azigwira ntchito mosaopa. Inu omwe muli ndi abwenzi kunja, musabise zolakwika zathu, koma muwauzenso momwe tikuzikonzera. Ndipo kalaliki, wapolisi, mphunzitsi ndi wogulitsa chambo, aliyense adziwe kuti tsiku lililonse akulemba dzina la Malawi.