Rakele Akhalira Mafano



Lero ndifuna tilingalire za mkazi wina wa m'Malembo Oyera amene sitimtchula kawirikawiri. M'buku la Genesis, mutu 31, timva kuti Yakobe, atagwira ntchito zaka 20 kwa mpongozi wake Labani, adathawa pamodzi ndi banja lake. Pochoka, Rakele mkazi wake adaba timafano ta m'nyumba ya atate ake, mwamuna wake osadziwa. Labani adawalondola masiku 7, nawapeza ku mapiri a Giliyadi, nayamba kufunafuna m'mahema. Koma Rakele adabisa timafanoto m'chokhalira cha pa ngamira, iye nakhalapo. Atate ake atalowa, adapepesa kuti sangathe kuimirira popeza ali kumwezi. Labani adatuluka chimanjamanja.

Taonani chinthu chomvetsa chisoni. Milungu imene Rakele ankaiyesa yomtchinjiriza, iye ndiye ankaitchinjiriza. Ndipo chifukwa cha iyo sadathe kuimirira pamaso pa atate ake.

Abale anga, ambiri a ife takhala pansi monga Rakele. Pa Misa ya Lamulungu, nthawi yolandira Ukaristia ikakwana, anzathu anyamuka, ife titsala pa benchi titaweramitsa mutu. Mwezi utha, chaka chitha, mwina zaka zisanu. Anthu adziwa kuti ukwati wathu ndi wodalitsidwa, kuti sitiledzera, tsono adabwa. Koma ife tidziwa chimene takhalira: chithumwa m'chiuno, nyanga imene tidakwirira pakhomo potsirika nyumba, ulendo uja wa usiku wokaombeza ula pamene mwana adadwala kachitatu.

Sindinena izi mokusekani ai. Pa zaka zanga zaunsembe ndaona kuti munthu sapita ku ula chifukwa chodana ndi Mulungu. Apita chifukwa cha mantha. Ndiponso tisasokoneze zinthu: muzu umene agogo amakumba wochiritsa m'mimba ndi mphatso ya Mlengi, palibe tchimo pamenepo. Tchimo lili poika moyo wako m'manja mwa kanthu kosokedwa ndi munthu, ngati kuti Atate amene adakulandira pa ubatizo atha mphamvu. Limeneli ndilo lamulo loyamba limaletsa.

Tsono pambuyo pa tchimo pabwera manyazi. Manyazi ena ndi abwino, amamuuza munthu kuti adzuke abwerere kwao. Koma ena amamanga miyendo. Amanong'oneza kuti: Abambo akudziwa iwe, ndiwe wa m'kwaya, ndiwe mkulu wa mphakati, adzakuona bwanji? Munthu nkulowadi kolapa, nkutchula za mkwiyo ndi miseche, koma chachikulu chija achikhalira. Atuluka ndi katundu wolemera koposa amene adalowa naye, pakuti kubisa dala tchimo lalikulu kumaononga kulapa konse.

Tibwerere kwa Yakobe. Pa mutu 35, Mulungu adamuitana kuti apite ku Betele akamange guwa. Asananyamuke, Yakobe adalamula a m'banja lake kuti achotse milungu yachilendo, adziyeretse, asinthe zovala. Iwo adampatsa milungu yonse imene adali nayo, pamodzi ndi ndolo za kumakutu, iye nazikwirira pansi pa mtengo wa thundu pafupi ndi Sekemu. Malembo satiuza kuti adanyoza wina aliyense. Adalandira, nakwirira, ulendo nkuyamba.

Ndi zomwezo zimachitika mu Sakramenti la Kulapa. Wansembe alandira ndi kukwirira, ndipo dzenje limenelo palibe wolifukula. Pa msonkhano waukulu wa ku Lateran m'chaka cha 1215, Eklezia adalamula kuti Mkristu aliyense azilapa ngakhale kamodzi pa chaka, ndipo pa msonkhano womwewo adaika chilango choopsa kwa wansembe woulula zimene wamva kolapa. Wansembe sangauze episkopi, kapena mfumu, kapena mkazi wanu, ngakhale amuopseze ndi imfa. Ngati mukuchitabe manyazi ndi wansembe wa pa parishi yanu, muli ndi ufulu wokalapa kwa wina. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Inu akatekisti, munthu akabwera kwa inu ndi kanthu kokulunga m'nsanza, musaitane anthu kuti adzaone, musakalengeze kumphakati. Kalandireni mwakachetechete, mukatenthe kuseri, mupemphere naye, ndipo mumuuze tsiku limene wansembe adzafike. Ndipo inu amene mwakhala pansi nthawi yaitali, musavutike kufuna mawu ambiri. Mukagwada, yambani ndi chimene mukuchiopa kwambiri chija. Nenani kuti: Abambo, ndidapita ku ula, ndipo chithumwa ndachivula. Zotsalazo wansembe adzakuthandizani.

Ambuye akudalitseni, inu ndi mabanja anu.