Chiponde ndi Ubale Wathu ndi Maiko Akunja



Ubale ndi maiko akunja pa nkhani ya umoyo uli ndi muyeso umodzi: alendo akabwerera kwawo, ntchito imatsala m'manja mwa yani? Taonani chiponde, chimene mayi aliyense wopita kusikelo amachidziwa. Kale mwana wonyentchera ankagonekedwa m'chipatala milungu ingapo, mayi ake n'kusiya munda ndi ana ena kumudzi, motero ambiri ankachoka mwana asanachire. Chakudya cha mtedza, mkaka, shuga ndi mafutachi chinapangidwa ku France m'zaka za m'ma 1990, koma njira yochizira mwana ali pakhomo inakhwimira kuno. Mu 2002 mabungwe a Concern Worldwide ndi Valid International anaiyesa ku Dowa mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo pambuyo pake ku Blantyre bungwe la Project Peanut Butter linayamba kupanga chiponde ndi mtedza wa alimi athu. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma ometa anali eni mudzi: mlangizi woyeza mkono wa mwana ndi mayi womudyetsa tsiku ndi tsiku. Mu 2002 momwemo a Mary's Meals a ku Scotland anayamba kupereka phala kwa ana 200, ndipo mpaka lero ophika phalalo m'mamawa ndi makolo odzipereka. Zipatso za kugwirana manja zikuoneka: mu 2010 ana 47 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, pofika 2016 anali 37. Akadali ochuluka, ndipo mtima sungakhale pansi.

Ena amati thandizo lakunja latizoloweretsa kutambasula dzanja. Sindiwatsutsa kotheratu. Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi, ntchito zambiri zaumoyo zinagwedezeka, ndipo tinaona kuopsa kosungitsa moyo wa ana athu m'thumba la wina. Koma kukana thandizo sikungachiritse mwana amene watupa mapazi lero. Chofunika n'kukulitsa gawo lathu. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika K15 pa K100 iliyonse ya ndalama za boma ku zaumoyo, ndipo lonjezolo likutidikirabe. Enanso amati wopereka ndalama ndiye amalamula. Nanga bwanji mu 2011 Malawi anaganiza yekha zopatsa ma ARV moyo wonse mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo, njira ya Option B+, ndipo bungwe la WHO linadzailimbikitsa m'maiko ena? Tikakhala ndi ndondomeko yathuyathu, abwenzi amabwera pambuyo pathu.

Choncho aphungu athu, nkhani ya kadyedwe ka ana ilowe m'bajeti ndi ndalama zooneka. Alimi, umitsani bwino mtedza kuti usachite chuku, pakuti wachuku sungalowe m'chiponde. Abwenzi athu akunja, tikukuthokozani kuchokera pansi pa mtima, ndipo pempho lathu ndi lakuti mugule kwa alimi akuno, muphunzitse anthu akuno, ndipo tsiku losiya ntchito muzitiuza nthawi ikadalipo. Mafumu, onetsetsani kuti mwana aliyense m'mudzi mwanu akupita kusikelo mwezi ndi mwezi, ndiponso kuti chiponde chikudyedwa ndi mwana wodwalayo, osati kugulitsidwa pamsika.