Kukonzetsa Kapena Kugula Ena: Mtengo wa Makina Oziziritsa Nyumba

Lero tikambirana za kutentha kwa m'nyumba, ndi za ndalama zimene munthu amataya pofuna kukuthaŵa. Chitsanzo chathu titenga boma la Ntcheu, popeza m'boma limodzi lomweli muli nyengo ziŵiri. Kumtunda, ku Tsangano ndi ku Lizulu, kumene alimi amakolola mbatata ya kachewere ndi kabichi, munthu amagona chofunda miyezi yambiri ya chaka. Koma mukatsikira ku chigwa cha Bwanje, ku Bilira, Sharpevale ndi Kasinje, miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuŵa limaswa mtengo, ndipo nyumba ya malata imasanduka ng'anjo. Amene amazunzika koposa ndi makanda, okalamba ndi odwala.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'Malaŵi muno ndiwo anali ndi magetsi. Motero makina oziziritsa nyumba, amene amalonda amawatchula kuti air conditioner, si katundu wa aliyense. Komabe mumawaona m'maofesi, m'nyumba zogona alendo ndi m'nyumba zina za pa boma ndi pa malo a malonda. Akafa m'nyengo yotentha, mwini wake amaima pa mphambano: akonzetse, kapena agule ena?

Kuti tiyankhe bwino, tiyambe tadziŵa mmene amagwirira ntchito. Makina oyamba a mtundu umenewu anawapanga Willis Carrier ku New York m'chaka cha 1902, ndipo nzeru yake sinasinthe kwenikweni. Iwo sapanga chisanu ayi. Ntchito yawo ndi kunyamula kutentha kwa m'chipinda ndi kukakutaya panja. Wonyamula ndi gasi amene amazungulira m'mapaipi a mkuwa, ndipo womukankha ndi kompuresa, amene ali ngati mtima wa makinawo.

Matenda ambiri a makina ameneŵa ndi aang'ono. Loyamba ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi limatseka sefa wa m'kati, mpweya n'kulephera kudutsa, ndipo mwini nyumba amayesa kuti makina atha. Kuchotsa sefayo, kumtsuka ndi madzi ndi kumuumitsa pamthunzi sikulira tambala. Lachiŵiri ndi paipi yotulutsa madzi, imene ikatsekeka madzi amadontha pakhoma. Lachitatu ndi kachipangizo kodzutsa injini kotchedwa kapasita, kamene kakapsa makina amangong'ung'udza osadzuka. Zonsezi mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi makina atsopano, ndipo wotaya makina chifukwa cha izi ali ngati wogwetsa nyumba chifukwa cha lata limodzi lodontha.

Za gasi, omvera, tcherani khutu. Gasi ameneyu satha ngati parafini wa m'nyali. Amazungulira m'njira yotsekeka, choncho akachepa ndiye kuti penapake pabooka. Mmisiri amene angowonjezera gasi osafufuza pobooka akukuthirirani madzi m'dengu: pakapita miyezi yoŵerengeka mudzamuitananso, n'kulipiranso. Mfunseni akuonetseni pamene wamata. Mfunseninso dzina la gasiyo, limene limalembedwa pa kachitsulo kapena kapepala ka pambali pa makina. Ngati ndi R22, dziŵani kuti ameneyu amawononga chophimba cha m'mlengalenga chotiteteza ku ukali wa dzuŵa. Pangano la ku Montreal la 1987, limene Malaŵi alimo, likuti maiko ongotukuka kumene akhale atamsiya pafupifupi yense pofika 2030. Chinthu chosoŵa chimakwera mtengo, motero makina a R22 adzanka nalemera kuwasamala. Makina atsopano ambiri amayendera R410A kapena R32, ndipo magasi ameneŵa sasakanizidwa mwachisawawa.

Nthenda yaikulu ndi kupsa kwa kompuresa. Apa m'pamene thumba limalira, chifukwa chipangizo chimenechi ndicho chodula koposa zonse, ndipo chikapsa pamafunikanso kutsuka mapaipi ndi kuthira gasi watsopano.

Nanga n'chifukwa chiyani mitengo yake ili yoŵaŵa chotere? Chifukwa choyamba n'chakuti makinaŵa ndi zipangizo zake zimachokera kunja, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo katundu wakunja anakwera motsatira. Chachiŵiri ndi mtunda. Boma la Ntcheu lili pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, makilomita pafupifupi 150 mbali iliyonse, ndipo kaŵirikaŵiri chipangizo, nthaŵi zina ndi mmisiri yemwe, zimachokera ku mizinda imeneyi. Ulendowo amalipira ndi mwini makina.

Chachitatu ndi magetsi. Ambiri a magetsi athu amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makina a kumeneko anayambanso ntchito mu 2023. Tonse tikukumbukira kuthimathima kwa nthaŵi imeneyo. Magetsi akamazima ndi kuyaka modzidzimutsa, kapena akabwera ofooka, kompuresa amavulala. Kachipangizo koteteza, kamene kamadikira mphindi zingapo kasanalole magetsi kuloŵa, n'kotsika mtengo koma kamapulumutsa ndalama zambiri.

Tsono muyezo wake ndi uwu. Makina osamalidwa bwino amakhala zaka 10 kufikira 15. Ngati anu ali ndi zaka zochepa ndipo chavuta n'chaching'ono, konzetsani. Ngati apitirira zaka 10, akuyendera R22, ndipo ndalama zokonzetsera zikuyandikira theka la mtengo wa atsopano, kugula ena ndiko kusunga chuma. Poŵerengera mtengo wa atsopano musaiŵale mapaipi, mawaya, zitsulo zopachikira ndi malipiro a woika. Funsani amisiri aŵiri kapena atatu, aliyense alembe mtengo wake papepala, ndipo sankhani wophunzira ntchitoyi, monga wa satifiketi ya TEVETA. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso mtengo wina wobisika. Makina a chipinda chimodzi amadya pafupifupi yuniti imodzi ya magetsi pa ola. Akayenda maola 8 pa tsiku, pa mwezi angathe kudya mayuniti ofika 240. Fani wamba, pa maola omwewo, amadya mayuniti pafupifupi 15. Atsopano a mtundu wa inverter amadya pang'ono kuposa akale, koma saposa fani pa kusunga ndalama.

Kwa ambiri a ife, amene tilibe makina otere kapena magetsi, mankhwala a kutentha ali pa nyumba yeniyeniyo. Makolo athu anafolera ndi udzu, namanga khonde lalikulu lozungulira nyumba, ndipo m'kati munali kuzizira masana onse. Ife tinasankha malata chifukwa cha kulimba kwake, koma lata lopanda siling'i limatsitsira moto wonse pamutu. Siling'i, ngakhale ya mphasa kapena nsungwi, imatchinga kutenthako. Utoto woyera padenga umabweza dzuŵa. Mazenera openyana amalola mphepo kudutsa. Mtengo wa mango kapena mthethe wobzalidwa chakumadzulo umaphimba khoma dzuŵa likapendeka. Ngakhale mwini makina apindula nazo izi, pakuti m'nyumba yotetezedwa chotere makina sagwira ntchito yakalavulagaga, motero amakhalitsa.

Pomaliza, m'masiku otentha kwambiri mwani madzi pafupipafupi, ndipo makanda ndi agogo muziwakhazika pamthunzi podutsa mphepo. Amene muli ndi makina, tsukani sefa Okutobala asanafike.